Tchuthi cha Wonyamula Magalasi

Kuntchito ankamutchula kuti Samalani, chifukwa ndiwo mawu amene ankafuula tsiku lonse. Akanyamula galasi la zenera kuchoka m'shopu kupita pagalimoto, kapena kukwera nalo masitepe a nyumba zosanja, ankayenda cham'mbali ngati nkhanu, mikono atatambasula, galasi lili patali ndi chifuwa, uku akufuula kuti, "Samalani! Samalani!" Anthu ankapatuka. Agalu ankapatuka. Ngakhale a njinga zamoto, amene sapatukira munthu, ankapatuka. Pa zaka zonse zimene anagwira ntchitoyi sanaswepo galasi ngakhale limodzi, ndipo aliyense amene anamwapo naye tiyi nkhani imeneyi ankaidziwa.

Mkazi wake atabereka mwana wamkazi, Samalani anagogoda paofesi ya Bwana, chipewa chili m'manja.

"Bwana, ndabwera kudzapempha tchuthi. Kunyumba kwabwera mlendo."

"Tayamika," anatero Bwana osadzutsa mutu. "Nanga tchuthicho n'chachiyani? Wabereka ndiwe?"

"Ndi lamulo, Bwana. Lija linatuluka chaka chatha lija. Akuti bambo nayenso akhale pakhomo milungu iwiri, malipiro osadulidwa."

Bwana anapuma mpweya wautali ngati tayala lobooka. "Ndikulidziwa. Ndimangofuna ndione ngati ukulidziwa iwe. Pita."

Kuseri kwa shopu, patebulo lalikulu lodulira magalasi, panali a Dayamondi, mkulu amene anaphunzitsa Samalani ntchito. Atamva za tchuthicho anaseka mpaka kutsokomola.

"Boma lino latha ntchito eti? Layamba kutumiza amuna kukachapa matewera! Masiku athu mwana unkayamba kucheza naye ali kale ndi mano." Kenako anasiya kuseka n'kukweza dzanja lawo lamanzere, limene chala chake chamkombaphala chinkathera panjira. "Koma usandimvere ine, mphwanga. Ine lamulo limene ndimalivulira chipewa ndi lija lokakamiza mabwana kutigulira magolovesi. Lisanabwere tinkanyamula galasi ndi manja okhaokha. Chala ichi chikanangodikira pang'ono bwenzi chilipo, koma chinafulumira, boma likadali pamsonkhano. Ndiye lamulo likakupeza udakali wathunthu, usamachite nalo manyazi. Pita ukachape."

Samalani anapita kunyumba akuimba mluzu. M'mutu mwake anali atajambula kale chithunzi chake: iye pasofa, mwana m'manja, wailesi ikulira motsitsa, mkazi wake akugona mwamtendere kuchipinda.

Koma atafika anapeza kuti udindo wonse unali utatengedwa kale. Apongozi ake, mayi a mkazi wake, anali atatsika basi m'mawa womwewo ndi sutikesi yaikulu ndi fulasiki. Kale ankatayipa makalata muofesi, ndipo atapuma anatsegula kashopu ka nsapato m'tauni ina yakutali, ulendo wa tsiku lonse. Ofesi anaisiya, koma chizolowezi chake sanachisiye. Pofika madzulo chinthu chilichonse m'nyumbamo chinali ndi malo ake ndi nthawi yake, ndipo Samalani anali atapatsidwa ntchito zake: kuwiritsa madzi, kugula sopo, kuyanika matewera ndi kutseka chitseko mosamenyetsa. Boma linamupatsa tchuthi kuti akakhale bambo. Apongozi anamulemba umesenjala.

Komabe si kuti ankamumana mwanayo. Vuto linali lina. Mlendo, monga ankamutchulira podikira kugwirizana za dzina, anali mwana wofatsa kwa aliyense. Ankagona m'manja mwa mayi ake, mwa agogo ake, mwa mayi oyandikana nawo nyumba, ngakhale mwa bambo wina wodzawerenga mita ya madzi, amene anapempha kuti amunyamuleko. Koma akangofika m'manja mwa bambo ake, ankatsegula kukamwa n'kulira ngati walumidwa ndi nyerere.

Samalani ankayamba ndi kusamba m'manja mpaka m'zigongono. Kenako ankaima miyendo atatangadza, n'kugwira mpweya, n'kulandira mwanayo ndi zikhatho ziwiri, mikono ili njo, mwana ali patali ndi chifuwa. Akafuna kuyenda ankayenda cham'mbali.

"Bambo, musendezeni pafupi," ankatero apongozi. "Si mbale yamoto imeneyo."

"Ndikusendeza, Amayi."

"Mukusendeza mutu wanu. Mwana ali pomwe paja."

Iye ankamva, ndipo ankafunadi. Koma mikono inali ndi sukulu yakeyake. A Dayamondi anaiphunzitsa ndi makofi a pamsana kuti chinthu chosachedwa kusweka sichitsamira pachifuwa, chifukwa ukapunthwa nacho chimathera m'nthiti. Ndipo Samalani anali asanaonepo chinthu chooneka chosachedwa kusweka ngati kamunthu aka, ka khosi lofewa ngati ndiwo zofota, kokhala ndi malo pamutu amene ankagunda okha. Akati apinde chigongono, thukuta linkatuluka, mwana n'kukweza mawu, apongozi n'kutambasula manja.

"Bweretsani kuno. Kaoneni ngati matewera auma."

Anayeserera ndi pilo, zinayenda. Anayeserera ndi thumba la shuga, ndipo shugayo sanadandaule. Mkazi wake anamupeza kukhitchini akuyendayenda nalo thumbalo pachifuwa, ndipo anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Abambo ake, musandiseketse, mabala sanapole. Mwanayo mwamutcha ndani?"

"Ndikuphunzira."

"Phunzirani msanga, tiyi akudikira mwana wanuyo."

Nkhani inafika povuta mlungu wachiwiri uli mkati. Anali patebulo, akumwa tiyi wam'mawa, pamene apongozi anaika kapu pansi mwaulemu, monga amachitira munthu amene wakonza kale mawu ake.

"Bambo, ine kushopu kwandidikira. Inunso Lolemba mukubwerera kuntchito. Ndiye ndaganiza kuti awiriwa ndipite nawo kwathu, akakhale mpaka mwana akhwime khosi. Miyezi ingapo basi."

"Miyezi, Amayi?"

"Nanga atsale ndi ndani? Masana muli kuntchito. Madzulo mukabwera, mwana akulira m'manja mwanu ngati mwamuba. Mayi wakeyu agona liti? Komanso," apa analoza kuchipinda ndi supuni, "zenera lija."

Zenera lija Samalani ankalidziwa. Galasi lake limodzi linasweka ndi mpira wa ana asanalowe n'komwe m'nyumbamo, ndipo iye anatsekapo ndi katoni ya sopo pongoyembekezera. Katoniyo inali itaona dzinja kawiri. Munthu amene anaika magalasi m'mabanki ndi m'mahotela ankagona moyang'anizana ndi chithunzi cha mayi womwetulira atanyamula sopo.

Apongozi atalowa kubafa, Samalani anayang'ana mkazi wake. "Amayi ake, inu mukufuna kupita?"

Mkaziyo anali mphunzitsi wa masamu, ndipo sankakonda kuzungulira. M'maso mwake munali mofiira ndi tulo.

"Sindikufuna. Pano ndi pakhomo panga. Koma ndekha sindingathe. Ndikufuna munthu woti madzulo ndizimupatsira mwana, ine n'kukagona osatchera khutu. Inu ndinu munthu wabwino, abambo ake, koma pakadali pano ndinu mlonda. Mumaima pafupi ndi mwana n'kumayang'anira kuti asabedwe."

Samalani anaganiza za miyezi imeneyo. Mwanayo adzayamba kumwetulira ali kwa eni, kumwetulira makasitomala a nsapato. Iye adzaona kumwetulirako pafoni, ngati netiweki ilipo. Pobwerera adzakhala atazolowera nkhope zonse za m'tauni imeneyo kupatula ya bambo ake, ndipo tchuthi chimene boma linamupatsa adzakhala atachithera pa chingwe choyanikira.

Loweruka m'mawa apongozi anavala nsapato zawo zabwino n'kupita kukagula matikiti a basi ya mawa lake. Samalani anaganiza kuti ngati walephera zonse, zenera lokha lisamuchititse manyazi. Anabweretsa galasi latsopano limene a Dayamondi anamudulira, misomali ing'onoing'ono ndi chitini cha phula lomatira magalasi. Kabedi ka Mlendo anakakokera pabalaza, kutali ndi ntchitoyo, mwanayo ali m'tulo.

"Poti wagona, ine ndikasambe bwinobwino," anatero mkazi wake. "Tsitsi ili lakhala osaona madzi kuyambira kuchipatala. Akadzuka mundiitane."

Ntchito inayenda monga imayendera m'manja mwa mwini wake. Anachotsa katoni ija, n'kupepesa mayi wa sopo. Anazula tizidutswa ta galasi lakale totsalira m'mphepete, n'kupala phula louma. Anaimika galasi latsopano m'malo mwake n'kuligwiriziza ndi msomali umodzi pamwamba. Kenako anavula magolovesi, chifukwa phula silimva magolovesi, limafuna zala zenizeni. Analikanya m'manja mpaka litafewa, lonona ndi lonunkha mafuta, ndipo linamatirira m'zikhatho pamodzi ndi tizinyenyeswa ta galasi timene tinali pafelemu.

Nthawi yomweyo Mlendo anadzuka.

Anayamba ndi kudandaula pang'ono, ngati kasitomala waulemu. Samalani anathamangira pabalaza n'kuima pambali pa kabedi, manja ali m'mwamba.

"Amayi ake! Wadzuka!"

"Ndili ndi sopo m'maso!" anayankha mkaziyo, madzi akuwawaza. "Munyamuleni!"

"M'manja muli phula! Muli magalasi!"

"Sambani!"

"Silichoka ndi madzi, limafuna palafini!"

"Ndiye muimbireni nyimbo!"

Anayesa. Nyimbo yokhayo imene inabwera m'mutu inali yotsatsa malonda a simenti pawailesi, ndipo Mlendo sanaikonde. Kulira kunakwera. Nkhope inafiira, tizibakera tinanjenjemera, kenako kunabwera kulira kuja kumene mwana amatsegula kukamwa koma mawu osatuluka, mpweya utamuthera.

Samalani anavula epuloni yake yantchito ndi nsonga za zala n'kuiponya kutali. Anagwada. Anakunga zibakera zolimba kuti phula lisakhudze kanthu, n'kulowetsa mikono pansi pa sholo ya mwanayo pang'onopang'ono, mkono umodzi kumsana, wina kumutu, mpaka kamutu kaja kanakhazikika m'kati mwa chigongono. Tsopano anafunika kudzuka. Popanda zikhatho panalibe njira yonyamulira chinthu patali. Anawerama mpaka chifuwa chake chinakhudza mwanayo, n'kumukumbatira, n'kuimirira naye.

Mlendo anakoka mpweya kuti apitirize mlandu wake. Kenako mphuno yake inagunda malaya a bambo ake. Anaipukutira pamenepo uku ndi uku, anachita ntchikwi kamodzi, n'kukhala chete.

Samalani anaima pakati pa balaza osagwedezeka, zibakera zaphula zitatulukira uku ndi uku ngati nyanga. Mwanayo anali wofunda, ndiponso wolemera kuposa mmene ankaonekera. Sanali ngati galasi ngakhale pang'ono. Galasi silikusendera pafupi, koma aka kankadzikankhira kokha m'khwapa mwake, kakufunafuna malo abwino.

Ali chiimire choncho, mphepo inalowa pakhomo la kukhitchini n'kudutsa m'nyumba monse. Kudzera pachitseko cha kuchipinda, Samalani anaona galasi latsopano lija likugwedezeka pa msomali wake umodzi. Linapendekeka pang'ono, monga limachitira galasi likamaganiza. Iye ankadziwa bwino kuti akanatha kuligwira, chifukwa magalasi ambiri anawapulumutsapo ali panjira yopita pansi. Zinkangofunika kuika mwana pakabedi n'kudumpha.

Anayang'ana galasi. Anayang'ana kamutu kali pachifuwa pake.

Phwaa!

Mlendo anadzidzimuka n'kutambasula timanja. Samalani, osadziwa kuti wazitenga kuti, anayamba kugwedezeka uku ndi uku, akung'ung'udza nyimbo ya simenti ija. Ulendo uno mwanayo anailola. Maso anatsinzina pang'onopang'ono.

Mkazi wake anatulukira akuthamanga, thaulo lili kumutu, thovu lili kukhutu. "Chasweka n'chiyani? Mwana ali…" Anaima. Anayang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anatsamira khoma n'kuphimba pakamwa ndi dzanja.

"Musaseke," ananong'ona Samalani. "Mumudzutsa."

"Sindikuseka," anatero mkaziyo, ndipo mwina theka lake linali loona.

Apongozi anawapeza ali choncho. Analowa ndi matikiti m'manja, anaona zidutswa za galasi zili mbwee kuchipinda, anaona epuloni pansi, anaona mkamwini wawo ataima ngati chipilala, mdzukulu wawo ali m'tulo tofa nato pachifuwa pake. Anaika chikwama pampando mosapanga phokoso.

"Bambo, khalani pansi."

"Sindingathe, Amayi. Sindinaphunzire kukhala pansi ndili naye."

Apongozi anamugwira paphewa n'kumubwezera m'mbuyo pang'onopang'ono, ngati akuimika galimoto, mpaka anakhala pasofa. Anamuikira pilo pansi pa chigongono. Kenako nawonso anakhala, n'kuvula nsapato zabwino zija, zimene zinkaoneka kuti zawapana.

"Mkazi wanuyu nditamubereka," anayamba motsitsa, "kunalibe lamulo loti mayi apume. Ukachedwa kubwerera kuntchito unkapeza wina atakhala pampando wako. Ndinabwerera ku makina otayipira ndisanayambe n'kuyenda komwe bwinobwino. Ndinkaika timathaulo m'bulauzi, koma mkaka sudziwa nthawi ya ofesi. Tsiku lina unadontha pakalata ya bwana wamkulu, iye n'kufunsa kuti ndani akumwera tiyi pamakina."

"Amayi, nkhani imeneyi simunandiuzepo," anatero mkazi wa Samalani.

"Unali wotanganidwa ndi kulira. Pofika pa mng'ono wako wotsiriza, lamulo linali litabwera. Miyezi itatu, malipiro ako ulandire, mpando wako uupeze. Ndinagona, mwanawe! Anthu akamakangana pawailesi kuti boma latichitira chiyani, ena amatchula misewu, ena masukulu. Ine ndimati linandipatsa tulo." Anayang'ana Samalani. "Malemu apongozi anu aamuna sananyamulepo khanda. Osati kuipa mtima ayi. Ankachoka ana asanadzuke n'kubwera atagona, ndipo palibe anawauzapo kuti khalani pakhomo muphunzire. Ine lamulo lanuli ndinkaliona ngati nthabwala. Ndimati angowonjezera munthu wina wofuna kuphikiridwa."

"Poyamba zinalidi choncho," anatero mkazi wa Samalani.

"Zinalidi choncho," anavomereza apongozi.

Mkono wa Samalani unali utachita dzanzi, ndipo sankafuna kuti dzanzilo lithe.

Mkazi wake anakhala pambali pake n'kukonza sholo ya mwanayo. "Amayi, ine nditsala."

"Wanyamula kamodzi kokha, mwanawe. Mwina ndi ngozi."

"Ndiye tiyese kachiwiri."

Anamulanda mwanayo n'kumugoneka pakabedi. Samalani anapita kuseri kukachotsa phula ndi palafini, n'kusamba ndi sopo mpaka fungo litatha, n'kusintha malaya. Atabwerera anaima pambali pa kabedi, amayi awiri akumuyang'ana ngati oyang'anira mayeso. Anawerama, ndipo zikhatho zoyera zija zinatambasuka zokha, mikono n'kuyamba kuuma monga kale.

"Kungani zibakera," anatero mkazi wake.

Anakunga. Mikono inalowa pansi pa sholo, chifuwa chinatsika, ndipo Mlendo anakwera n'kukhazikika pamalo ake aja osatsegula n'diso lomwe.

Apongozi anayang'ana matikiti awiri ali m'manja mwawo. "Chabwino. Mpando winawu ndiikapo sutikesi, nayonso iyendeko ngati munthu. Koma Bambo, mverani. M'mawa musanapite kuntchito, kumusambitsa ndi kwanu. Ndikuonetsani lero, ndipo kumeneko zibakera sizigwira ntchito, mudzatsegula manja. Madzulo mukangolowa, mwana ndi wanu mpaka mayi wake atagona n'kudzuka. Ndikamva kuti mwabwerera ku ulonda, ndikubwera ndi basi yoyamba."

"Ndamva, Amayi."

"Ndipo zenera lija?"

Mkazi wake anali atatola kale katoni ija. Anaikutumula fumbi n'kukaibwezera pamalo pake, ndipo mayi wa sopo anayambiranso kumwetulira m'chipindamo ngati sanachokepo.

Lolemba Samalani anafika kuntchito mochedwa pang'ono, paphewa la malaya pali banga loyera limene sanalione. Anapita molunjika patebulo la a Dayamondi n'kupempha kuti amudulirenso galasi lina, muyeso womwe uja.

"Lija lili kuti?"

"Linasweka."

A Dayamondi anaika chodulira pansi. "Anaswa ndani? Apongozi?"

"Ine."

"Iwe? Samalani?" Anatembenukira kwa anyamata a m'shopu. "Tabwerani mudzamve kuno! Boma latiwonongera munthu!" Kenako anamuyandikira n'kumuyang'anitsitsa, kuyambira m'maso mofiira mpaka pabanga la paphewa. "Linakupulumuka bwanji?"

"Silinandipulumuke. Ndinaliona likugwa. Kungoti m'manja munali kale munthu."

A Dayamondi anagwedeza mutu, n'kutenga chodulira chawo, n'kuyamba kuyeza galasi. "Ili ukaliike lero lomwe," anatero. "Ukayambe wakhoma misomali yonse, kenako ukanyamule anthu."